Galu akapoperedwa ndi kanyimbi, musathamangire ndowa ya madzi

Abale anga amene muli ku America ndi ku Canada, makamaka inu mwangofika kumene ndipo mwapeza nyumba yokhala ndi kabwalo kumbuyo, uthengawu ndi wanu. Akumudzi nanunso musadumphe, kanyimbi wathu uja tonse timamudziwa ndipo zambiri zili munomu zikukukhudzani.

Kuno kuli kanyama amati skunk, msinkhu ngati mphaka, kakuda, mizere yoyera pamsana, chimchira cha ubweya wambiri. Ukangokaona koyamba umati uyu ndi kanyimbi basi. Asayansi amati ayi, ndi mabanja awiri osiyana, skunk wamizereyu kwawo ndi kuyambira kummwera kwa Canada kudutsa America mpaka kumpoto kwa Mexico, pomwe wathu wa ku Africa ndi wachibale wa chiuli. Koma chida chawo ndi chimodzimodzi, timatumba tiwiri pansi pa mchira todzaza timafuta tonunkha koopsa, nde ine ndizingoti kanyimbi onse awiri.

Chimene ndikufuna mugwire ndi ichi: fungolo ndi losautsa zedi, limakuchititsa mseru, ena mutu umawawa, koma chimene chingaphe munthu kapena galu si fungo ayi. Vuto ndi loti fungo likakumenya mphuno nzeru zonse zimathawira ku sopo, umaiwala kuyang'ana ngati galu walumidwa, umaiwala maso ake.

Zoyamba, sopo asanabwere

Tsekani chitseko. Galu akapoperedwa amathamangira mnyumba kukadzipukuta pa sofa, pa kapeti, mwinanso pabedi panu, ndipo akakwanitsa zimenezo ntchito ya ola limodzi yasanduka ya mwezi. Akhale panja, kapena ngati kukuzizira kwambiri mulowetseni mu galaja kapena molunjika ku bafa mutamukulunga chithaulo chakutha. Inuyo valani zovala zimene simungazilire, valaninso magolovesi, osati chifukwa cha fungo lokha koma ngati anamenyana, malovu a kanyimbi angakhale pa ubweya ndipo inu mwina muli ndi kabala pachala.

Kenako tengani tochi, poti izi zimakonda kuchitika usiku kapena mbandakucha. Yambani ndi maso. Galu amapita ndi mphuno kutsogolo nde nthawi zambiri amalandirira kumaso, mumuona akuphethiraphethira, maso ofiira, misozi, akudzikanda ndi mwendo, mwina kwa kanthawi osaona bwino. Tsukani masowo ndi madzi oyera osatentha kapena saline wa ku famase, pang'onopang'ono kwa mphindi 10 kapena 15. Ngati pambuyo pake akukanikabe kutsegula maso, ameneyo ndi wa kwa a vetenale. Munthunso zikamulowa mmaso ndi chimodzimodzi, madzi ambiri, osatikita, ovala ma contact lens achotse. Mwana kapena wamkulu wa mphumu mutalikitseni, fungoli limatha kuutsa chifuwa, ndipo akayamba kubanika musadikire, kuchipatala.

Mukatha maso, pendani thupi lonse, milomo, mphuno, makutu, miyendo yakutsogolo, patulani ubweya muone ngati pali bala.

Nkhani ya chiwewe

Apa ndichedwapo. Timafuta tija satenga chiwewe, galu wongopoperedwa chabe sanatenge matenda. Chiwewe chimayenda mmalovu, polumidwa kapena malovu akafika pa bala, mmaso kapena mkamwa. Koma ku America skunk ali mgulu la nyama zakutchire zimene zimapezeka kwambiri ndi chiwewe, pamodzi ndi mileme, ma raccoon ndi nkhandwe, makamaka zigawo zapakati pa dzikolo komanso ku California. Nde galu amene wafika pafupi mpaka kupoperedwa kumaso, mwayi woti analumana nawo ulipo.

Mukapeza bala, kapena mukuona kuti anagwirana ndithu ngakhale bala silikuoneka, imbirani a vetenale usiku womwewo kapena kukangocha. Galu amene katemera wake ali bwino amamubaya wina wowonjezera pompo nkumamuyang'anira kwa masiku 45. Amene sanabayitsepo nkhani imavuta, akhoza kutsekeredwa miyezi 4 kapena kuphedwa kumene, malamulo amasiyana chigawo ndi chigawo koma palibe kumene amazitenga mwachibwana. Kapepala ka katemera kaja muzikasunga poti mutha kukapeza msanga.

Ngati wolumidwa ndi munthu, tsukani bala ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15 zathunthu, yang'anani wotchi chifukwa mphindi 15 ndi zambiri kuposa mmene timaganizira, kenako kuchipatala tsiku lomwelo kukayamba katemera. Osadikira kuti tione kaye. Chiwewe chikangoonetsa zizindikiro palibe mankhwala, pafupifupi aliyense amamwalira, pomwe katemera wolandira nthawi yake amateteza bwino kwambiri. Kumudzi kwathu chiwewe chimafika kwa anthu kudzera mwa agalu, a WHO amati mpaka 99 pa 100 alionse odwala chiwewe amachitenga kwa galu, nde galu wosabayitsa amene amayenda usiku kumenyana ndi nyama zakutchire ndi mlatho wobweretsa matenda pakhomo pomwe pali ana. A Mission Rabies akhala akubaya agalu ku Blantyre kuyambira 2015, a zaziweto aboma nawonso amakhala ndi makampeni, mukamva kulengeza tengani galu mupite naye.

Tsopano kusambitsa

Madzi okha sachotsa, amangowonjezera. Zija ndi mafuta, ndipo mkati mwake muli mankhwala a sulufule otchedwa ma thiol, ndi amene amanunkha ngati dzira lovunda losakaniza ndi adyo ndi tayala lopsa. Muli enanso otchedwa ma thioacetate amene paokha sanunkha kwambiri koma akakumana ndi madzi amasanduka ma thiol. Katswiri wina wa ku Humboldt State University ku California, William Wood, ndi amene anafufuza kwambiri zimenezi. Ndi chifukwa chake galu umamusambitsa lero, pakatha masabata awiri mvula yamunyowetsa, fungo lija labwerera ngati wapoperedwa kachiwiri, mpaka umayamba kukayikira aneba kkkk.

Nde musanathire chilichonse, tengani mapepala kapena sanza zakutha mudinde pamene panyowa timafutato, kudinda osati kupukuta, mukapukuta mukumwaza.

Njira imene imagwiradi ntchito anaitulukira Paul Krebaum, katswiri wa mankhwala wa ku Illinois, ndipo inasindikizidwa mu 1993 mu magazini ya Chemical & Engineering News. Mumatenga hydrogen peroxide wa 3%, pafupifupi lita imodzi, uja wa mbotolo labulawuni wotsukira mabala. Mumathiramo kota ya kapu ya soda, ndi masupuni aakulu 4 amenewo, soda yemweyo timathira mu therere. Kenako kasupuni kakang'ono kamodzi ka sopo wamadzi wotsukira mbale, Dawn kuno, Sunlight kumudzi. Sopoyo amasungunula mafuta, peroxide ndi soda amasintha ma thiol aja kukhala zinthu zina zosanunkha, nde sikuti mukuphimba fungo, mukulipha.

Sakanizani mu beseni lotsegula nkugwiritsa ntchito nthawi yomweyo kukadali thovu. Pakani ubweya ukadali wouma, tikitani mpaka pakhungu, kumaso gwiritsani kansalu mosamala kuti zisalowe mmaso, mmakutu ndi mkamwa. Dikirani mphindi 5, tsukuluzani ndi madzi ambiri ofunda, ngati likumvekabe bwerezani ndi zatsopano, pomaliza shampu wa galu wamasiku onse. Galu wamkulu mukhoza kuwonjezera madzi ofunda pang'ono kuti zikwane. Wakuda akhoza kusanduka wofiirira kwa kanthawi, musadabwe, ubweya umamera wina.

Chonde chonde zotsala musasunge mu botolo lotseka. Zimatulutsa mpweya, botolo limaphulika. Tayani mu sinki ndi madzi ambiri. Ndikudziwa ife sitikonda kutaya zinthu koma apa tayani basi. Chinanso, soda ndikunena ndi wophikira, osati caustic soda wopangira sopo uja, ameneyo awotcha galu ndi manja anu omwe. Peroxide wa ku saluni wa tsitsi, olembedwa 20, 30 kapena 40 volume, ndi wamphamvu kwambiri, wa 3% ndi amene amalembedwa 10 volume. Galu asanyambite, peroxide amasanzitsa. Ndipo Jik pa galu ayi, palafini ayi, petulo ayi, ndanena dala chifukwa alipo amene amayesa.

Za madzi a tomato mudzazimva kwa aneba achizungu, amati musambitseni mu tomato juice. Palibe chimene amachotsa. Chimachitika ndi choti mphuno yanu yatopa ndi fungo lija nde yayamba kumva tomato, inu nkumati zatheka, mlendo akangolowa amabwerera pakhomo. Tomatoyo ingophikirani ndiwo. Pefyumu nayenso ndi kutaya ndalama. Ngati peroxide palibe, kumudzi mwachitsanzo usiku famase ili kutali, sopo wa mbale ndi soda zimachepetsako ndithu, viniga wosungunula ndi madzi amathandizako pang'ono, mawa lake mupeze peroxide. Mashopu a ziweto kuno amagulitsanso mankhwala opangira zimenezi, kusunga botolo limodzi si kulakwa.

Muyang'anireni masiku angapo

Kusanza kamodzi kapena kawiri, kutuluka dovu, kuyetsemula, izi zimachitika ndipo zimatha. Koma pali vuto lina losowa, makamaka kwa tiagalu ting'onoting'ono kapena amene wapoperedwa kwambiri mkamwa kapena ali mkati mwa una, mankhwala aja amawononga maselo ofiira a magazi. Zimatha kuoneka patapita maola ochepa kapena masiku angapo. Galu wafooka, sakudya, akupuma mothamanga, nkhama zayera kapena zasanduka zabulawuni ngati chokoleti, mkodzo wakuda. Mukaona izi thamangani naye, si za kunyumba zimenezo.

Fungo mnyumba ndi pakhomo

Zovala chapani pazokha ndi sopo ndi theka la kapu ya soda, yanikani padzuwa ngati kwathu, osaika mu dryer fungo lisanathe chifukwa kutentha kumalikhomerera. Kolala ya galu nthawi zambiri ingotayani. Mnyumba tsegulani mawindo, yatsani mafani, sinthani fyuluta ya makina otenthetsa kapena oziziritsa nyumba poti imasunga fungo nkumalizunguliza zipinda zonse. Pa simenti, masitepe kapena matabwa apanja apo ndiye Jik amagwira, kapu imodzi pa makapu 9 a madzi, koma osamusakaniza ndi viniga kapena ammonia, mpweya wake ndi poizoni.

Ichi china musachiiwale, ndipo kwa ife amene tinakulira pa mbaula ndi nkhuni sichibwera msanga mmutu. Gasi wa mmapaipi wophikira ndi wotenthetsera nyumba payekha alibe fungo, makampani amathiramo dala mankhwala a mtundu womwewo wa ma thiol kuti akamadontha mudziwe. Nde fungo la gasi wodontha ndi la kanyimbi zimafananako. Ngati likumveka kwambiri mkati kuposa panja, kukhitchini kapena chipinda chapansi, galu sanatuluke, musati ndi skunk wadutsa. Osayatsa machesi, osakhudza switchi ya magetsi, tulutsani aliyense, foni mukaimbire panja, kampani ya gasi kapena 911. Akabwera nkupeza kuti analidi kanyimbi palibe amene akuchititseni manyazi. Amene mumaphikira masilinda a gasi ku Lilongwe, Lusaka kapena Johannesburg ndi chimodzimodzi.

Ngati fungo likumveka panja usiku uliwonse, pang'onopang'ono koma osatha, ndiye kuti kanyimbi ali ndi una pafupi, pansi pa khonde la matabwa, pansi pa kashedi, pa mulu wa nkhuni. February ndi March ndi nyengo yokwerana, ndi pamene fungo limachuluka, ana amabadwa cha mu May ndi June. Nthawi ya ana imeneyo musatseke una, mutsekera ana mkati afere momwemo ndipo fungo lakelo mudzalakalaka lakale lija. Kuti mudziwe ngati muli wina, tsekani pakhomo pa unawo ndi nyuzipepala zofinya mopepuka, zikakhala masiku angapo osasunthidwa ndiye mulibe, pamenepo ikani waya wa timabowo ting'onoting'ono, mumukwirire pansi nkumupinda choloza kunja chifukwa amakumba. Nthawi yozizira kwambiri amatha kukhala mkati masiku ambiri osatuluka nde kayesedwe aka kadikire kufunde. Kutchera msampha nkukamutaya kwina zigawo zambiri ndi mlandu, poizoni ndiye angaphe mphaka wa aneba kapena galu wanu yemwe, imbirani a animal control. Tima mothball tija, timibulu toyera toika mu zovala kuthamangitsa njenjete, musamwaze pabwalo, ana ndi agalu amatola.

Chimaitana kanyimbi ndi chakudya basi. Mbale ya galu yogona panja, bini yosatseka, zipatso zogwa, mbewu za mbalame zotayika pansi. Timaenje ting'onoting'ono pa kapinga mmawa ndi iyeyo amafuna mphutsi. Kumudzi ndi khola la nkhuku, mazira ndi anapiye, nde tsekani mipata yapansi madzulo, ngakhale kunena zoona kanyimbi amatithandizanso, mbewa ndi makoswe amadya ambiri.

Iyenso sakonda kupopera, akathira kasanu kapena kasanu ndi kamodzi timatumba timauma ndipo pamatenga masiku mpaka 10 kuti tidzadze, nthawi yonseyo ali chimanjamanja. Nde amayamba wachenjeza, amaponda pansi ndi miyendo yakutsogolo, mchira mmwamba, kenako amapinda thupi mutu ndi matako zonse kuloza kwa inu, ndipo amalasa bwinobwino pa mamita atatu. Munthu ukaona choncho umabwerera mmbuyo mwakachetechete, galu ndiye samva chinenero chimenecho. Musanamutulutse usiku yatsani getsi lapanja, ombani mmanja, dikirani kamphindi, atuluke ali pa chingwe. Kanyimbi saona patali nde mupatseni mpata achoke yekha. Woyenda masana si kuti ndi wachiwewe nthawi zonse, mayi wa ana amatha kusaka dzuwa lili pamutu, koma amene akudzandira, kuzungulira pamodzimodzi, kutuluka dovu kapena kulondola anthu osaopa, lowetsani ana ndi ziweto muimbe foni. Wathu wa ku Africa uja alinso ndi kachinyengo kena, amanamizira kufa, nde mukamupeza ali gone kuseri kwa khola galu atamugwetsa, uzani ana asamutole ndi manja.