Maphunziro a zachilengedwe si kubzala mitengo ayi

Sabata yatha bambo ena a ku Ulónguè anandiimbira foni, mwana wawo wamaliza 12ª classe ndipo akufuna kukaphunzira zachilengedwe ku yunivesite, nde bambowo mtima suli mmalo. Akuti "achimwene, zaka zonsezo, ndalama zonsezo, kuti akaphunzire kubzala mitengo? mitengotu timabzala tokha kuno." Mawu amenewa ndawamva kambirimbiri mpaka ndatopa nawo. Koma amene amandidandaulitsa kwambiri ndi ana asukulu eniakewo, amene amasankha kosi imeneyi poganiza kuti athawa Química ndi masamu. Simuthawa ana inu, chaka choyamba chomwecho mukazipeza zikukudikirani.

Ntchito yathu ife a zachilengedwe ndi kuyeza. Madzi, mpweya, dothi, ngakhale kugwedezeka kwa nthaka akamaphulitsa miyala ku mgodi, zonse timayeza nkulemba nambala yake, tsiku lake ndi malo ake. Nchifukwa chake umaphunzira mmene madzi amayendera pansi pa nthaka, mapu a pa kompyuta a GIS, masamu owerengera zotsatira, kenako malamulo, Lei do Ambiente 20/97 ya zachilengedwe, Lei de Terras 19/97 ya malo, ndi Decreto 54/2015 imene imanena za kafukufuku wofunika kuchitika ntchito yaikulu isanayambe. Kophunzira kulipo, UniZambeze ili ndi zachilengedwe ku Chimoio, Eduardo Mondlane ku Maputo, ndipo amene mtima uli pa migodi sukulu ya ukachenjede ya ISPT ili pompano mu Tete.

Tengani fumbi la malasha. Mayi aliyense wa ku Moatize akudziwa kuti ukayanika ufa pamphasa mphepo ikuchokera ku mgodi, pouchotsa madzulo wasintha mtundu. Fumbi looneka ndi masolo ndi loipa inde, koma loopsa kwenikweni ndi lija losaoneka, timati PM2.5, tinthu ting'onoting'ono timene mphuno siitha kutsekereza, timalowa mpaka mkati mwa mapapo ndi mmagazi. Mu 2021 bungwe la WHO linanena kuti pa tsiku tisapitirire mamaikulogalamu 15 pa kiyubiki mita imodzi ya mpweya. Ukapita ku ofesi nkungonena kuti "fumbi lachuluka" akuyankha kuti nchilimwe, Tete ndi wafumbi kale. Ukapita ndi manambala a masiku 30 otsatizana nkhani imasintha.

Tsono mbali imene amati chilungamo pa zachilengedwe, anthu amaiona ngati ndale, pomwe funso lake ndi lapafupi: phindu likupita kwa ndani, nanga fumbi akupuma ndani. Ife a ku Tete sitikusowa zitsanzo. Damu la Cahora Bassa linatha kumangidwa mu 1974, limatha kupanga mamegawati 2,075 ndipo magetsi ambiri amayenda pa mawaya makilomita pafupifupi 1,400 kupita ku South Africa, pomwe midzi ina yomwe mawayawo akudutsa pamutu imagonabe mumdima. Pamene kampani ya Vale inkatsegula mgodi wa malasha wa Moatize mabanja opitirira 1,300 anasamutsidwa, ambiri kupita ku Cateme, makilomita pafupifupi 40 kuchoka ku msika umene ankagulitsako mbewu, makala ndi njerwa. Anadandaula za minda yamiyala, madzi ovuta ndi nyumba zong'ambika mpaka mu Januwale 2012 anatseka njanji, ndipo chaka chomwecho boma linatulutsa Decreto 31/2012 ya kasamutsidwe ka anthu. Taonani mndandanda wake, lamulo linabwera anthu atasamuka kale.

Kuchedwa kumeneku ndi kumene kumandisowetsa tulo, ndipo pali nkhani imodzi imene siichoka mmutu mwanga. Mayi ena achikulire anafika kuntchito kwathu atayenda masiku awiri, pa njinga kenako pa chapa, atanyamula madzi mu botolo la mafuta ophikira, atalikulunga bwinobwino mu chitenje. Anati chitsime cha kudimba kwawo chayamba kuwawa chiyambireni kampani ina kukumba kumtunda, mbuzi zikukana kumwa, pamiyala pakutsalira zofiira ngati dzimbiri. Botolo lija sindikanatha kuligwiritsa ntchito, munali mafuta, latenthedwa ndi dzuwa, palibe labotale imene ingavomere. Ndinawafotokozera, anangoti "chabwino mwanangu, nde mubwere mudzatunge nokha."

Ndinapita. Tinatunga mwadongosolo, mabotolo oyera, ena othiramo asidi kuti zitsulo zisakhazikike pansi, onse mu bokosi la ayisi. Zotsatira zinaonetsa madzi a asidi, chitsulo ndi sulfato zili pamwamba, chimene chimachitika mwala wa pirite ukafukulidwa nkukumana ndi mpweya ndi mvula. Ine mumtima ndinalibe chikaiko. Koma a kampani anangoyankha mawu amodzi, kuti madzi a dera limenelo ndi otero kuyambira kale, ndi miyala yake. Nde tiwatsutse ndi chani? Panalibe munthu ngakhale mmodzi amene anayezapo chitsime chimenecho kukumba kusanayambe. Lipoti la kafukufuku wofunika ntchito isanayambe uja linalipo, lonenepa ndithu, koma pa tsamba la madzi linkafotokoza mtsinje umene kulibe mmboma lonselo, zoonekeratu kuti anangokopera lipoti la kwina. Ndipo acta, pepala la zokambidwa pa msonkhano wa kampani ndi mudzi, anthu anadinda ndi zala, yolembedwa mChipwitikizi, wowawerengera panalibe. Mayi aja mpaka pano amatsika kumtsinje ndi ndowa, dimba analisiya. Pakanakhala mwana mmodzi wa mmudzimo woti anatunga madziwo zaka zitatu mmbuyo nkusunga pepala la ku labotale, bwenzi tikukamba zina.

Nde chonde mafumu ndi makomiti a mmidzi, mverani. Nthawi yoitana munthu wodziwa ndi pamene mwangoona magalimoto achilendo ndi anthu akukhoma zikhomo, osati mbuzi zikayamba kukana madzi. Lamulo limati consulta pública, msonkhano womva maganizo a anthu, ilengezedwe masiku 15 isanachitike. Masiku amenewo si odikira fanta ndi mabisiketi a pamsonkhano, ndi ofuna kope la lipoti, kupeza wokuwerengerani mChichewa, kufunsa kuti chitsime chathu chili pa tsamba liti. Ngati palibe musadinde.

Komanso chenjerani ndi akatswiri abodza, achuluka zedi. Wina amabwera ndi kachipangizo kangati cholembera, amakaviika mu kapu, kamaonetsa nambala, nde akuti madzi anu ndi abwino kapena ndi oipa gulani sefa yanga. Kachipangizoko kamangoyerekeza kuchuluka kwa mchere wosungunuka basi, sikaona tizilombo ta kolera, sikaona mercúrio, chitsulo chamadzimadzi chija amakolera nacho golide. Ndipo za mercúrio ndikunena ndi mantha, chifukwa kumene anyamata akukumba golide ku Macanga ndi Chifunde amamugwira ndi manja nkumuotcha poyera, utsi akupuma okha, wotsala akupita kumtsinje. Madziwo amaoneka oyera mbee, koma poizoni amaunjikana mu nsomba nkukaononga ubongo wa mwana ali mmimba. Ku Minamata ku Japan matendawa anadziwika mu 1956 anthu atadya nsomba zotero kwa zaka. Wina amadzitcha consultor, laputopu pamkono, akulembera lipoti mmasiku atatu osaponda kumudziko. Mufunseni satifiketi yolembetsera ku unduna wa zachilengedwe, lamulo limafuna zimenezo. Makolo nanunso musanalipire propina kulikonse fufuzani ngati kosiyo ndi yovomerezeka ndi CNAQ, bungwe la boma loona za ubwino wa maphunziro a ku yunivesite, ndipo mwana akaone ndi maso ake ngati labotale iliko ndipo ikugwira ntchito, chifukwa kuyeza madzi sungaphunzire pa bolodi.

Bambo a ku Ulónguè aja ndinawauza kuti amulole mwanayo, bola alimbikire Química kuyambira pano pokonzekera exame de admissão, ndipo Chichewa chake asachitaye, adzachifuna pansi pa mtengo pofotokozera agogo zimene zalembedwa mu lipoti. Damu la Mphanda Nkuwa, la mamegawati 1,500, akufuna kulimanga makilomita pafupifupi 60 kumunsi kwa Cahora Bassa. Zitsime, madimba ndi malo ophera nsomba a mmbali mwa Zambezi kumeneko akufunika kuyezedwa panopa, kamodzi mchilimwe kamodzi mdzinja, ndipo mapepalawo kope lina lisungidwe kwa mfumu.