Mafunso omwe mumandifunsa za DIC ndi mapointi a ISTH

Ophunzira omwe timakhala nawo muwodi amandifunsa zimodzimodzi chaka ndi chaka za DIC, ndiye ndati ndingolemba kamodzi apa, aliyense awerenge nthawi yake.

DIC-yo ndi chani kwenikweni?

Dzina lake lonse ndi disseminated intravascular coagulation. Thupi limayamba kuundanitsa magazi m'timitsempha ting'onoting'ono paliponse, mu impso, m'mapapo, m'chiwindi, ndiye pochita zimenezo limamaliza ma platelet ndi fibrinogen ndi zina zonse zoundanitsa magazi, moti pakafunika kutseka bala lenileni palibenso chotsala. Nchifukwa chake wodwala yemweyo akhoza kukhala ndi zala zakuda zozizira uku magazi akutuluka m'nkhama. Ndipo DIC siyibwera yokha ayi, pamakhala chomwe chayiyambitsa: sepsis (matenda a tizilombo akasokoneza thupi lonse), ngozi yapamsewu, kupsa kwambiri ndi moto, khansa ina ya m'magazi ngati acute promyelocytic leukaemia, malungo akulu, ndipo ku matenite kuno timaiona kwambiri nsengwa ikachoka pachiberekero mwana asanabadwe, mwana akafera m'mimba nkukhalitsa, kapena mayi akataya magazi ambiri pobereka.

Pali test imodzi yomwe ndingatumize kulabu nkudziwiratu?

Ayi, palibe. Ndi chifukwa chake bungwe la International Society on Thrombosis and Haemostasis (ISTH) mu 2001 linakonza njira yowerengera mapointi kuchokera ku ma test anayi. Koma musanayambe kuwerengako, funso loyamba ndi lakuti wodwalayu ali ndi vuto lodziwika lomwe limabweretsa DIC? Ngati palibe, mapointiwo musawagwiritse ntchito.

Mapointiwo amawerengedwa bwanji?

Ma platelet akakhala pamwamba pa 100 pa pepala la FBC (full blood count, test yowerenga ma cell a m'magazi) ndi 0, pakati pa 50 ndi 100 ndi 1, akatsika pansi pa 50 ndi 2. PT (prothrombin time, nthawi yomwe magazi amatenga kuti aundane kulabu) ikatalika ndi masekondi osakwana 3 kuposa mmene iyenera kukhalira ndi 0, pakati pa 3 ndi 6 ndi 1, kupitirira 6 ndi 2. Fibrinogen ikakhala pansi pa 1 g/L ndi 1, ikaposa pamenepo ndi 0. D-dimer kapena FDP (zidutswa zotsala magazi oundana akamasungunuka) ndiyo imalemera, ikakhala yosakwera ndi 0, ikakwera pakatikati ndi 2, ikakwera kwambiri ndi 3. Zonse pamodzi sizipitirira 8, ndipo zikakwana 5 kapena kuposa, timati ikugwirizana ndi DIC yoonekeratu.

Tiyerekeze mayi wabwera ndi nsengwa yothothoka, ma platelet ali 42, PT yatalika ndi masekondi 5, D-dimer yakwera kwambiri, fibrinogen ili 1.4. Ndiye 2 kuphatikiza 1 kuphatikiza 3 kuphatikiza 0, zakwana 6. Mayi ameneyu ali mu DIC, musachedwe naye.

Nanga zikakhala 3 kapena 4, ndiye kuti wapulumuka?

Apa ndi pomwe anthu ambiri amalakwitsa. Mapointi osakwana 5 sakutanthauza kuti zili bwino, akutanthauza kuti mubwerezenso mawa kapena mkucha, ndipo wodwala akamaipiraipira musadikire mawalo. Akakwana 5 mumabwereza tsiku lililonse. Ine ndimakhulupirira kwambiri mmene manambala akuyendera kuposa nambala ya tsiku limodzi, ma platelet omwe dzulo anali 180 lero ali 110 amandiopsa ngakhale pa pepala akupatsa 0.

Komanso kwa amayi oyembekezera samalani ndi fibrinogen. Mimba ikakhwima fibrinogen imakwera yokha, imakhala cha m'ma 4 mpaka 6 g/L, ndiye mayi wotaya magazi yemwe fibrinogen yake yafika pansi pa 2 ali kale pachiopsezo chachikulu ngakhale mapointi a ISTH akuti 0 pa chimenecho. D-dimer nayo imakwera ndi mimba ngakhale mayi ali bwinobwino.

Kwathu labu ilibe D-dimer kapena fibrinogen, nditani?

Funso ili ndi lomwe limandikhudza kwambiri chifukwa zipatala zathu zambiri za m'maboma zimangotha kupanga FBC, nthawi zina makina atafa kapena ma reagent atatha. Yang'anani wodwala kaye. Pamalo pomwe mwaika kanyula pakungonyowa magazi, mwasintha pulasitala kawiri koma yanyowanso, pomwe munabaya jakisoni m'mawa pakutulukabe kamagazi kopyapyala ngati madzi, mkodzo m'thumba la katheta wafiira, pakhungu pali timadontho tofiira tosachoka mukadina. Zimenezo zikukuuzani zambiri labu isanayankhe.

Ndiye pali test yapabedi yomwe buku la WHO la mavuto a uchembere limalongosola. Tengani magazi 2 mL a m'mtsempha, ikani mu chubu chagalasi choyera chouma chopanda mankhwala, chifumbateni m'manja kuti chizifunda. Pakatha mphindi 4 chipendeketseni pang'onopang'ono muone ngati aundana, kenako muzipendeketsa mphindi iliyonse. Mphindi 7 zikatha magazi asanaundane, kapena aundana mofewa nkumasweka msanga, magaziwo ali ndi vuto. Chubu chikhale chagalasi ndithu, chapulasitiki chimachedwetsa kuundana ndipo chikunamizani. Kwa wolumidwa ndi njoka ngati boomslang timachita chimodzimodzi koma timadikira mphindi 20 osachigwedeza.

Ndi matenda ati omwe angandisokoneze?

Malungo amatsitsa ma platelet pafupipafupi popanda DIC, ndiye ma platelet okha asakuthamangitseni. Matenda a chiwindi amatalikitsa PT ndi kutsitsa ma platelet, koma manambala ake sasintha msanga ngati a DIC, ndipo komwe angayeze factor VIII (chimodzi mwa zoundanitsa magazi), m'matenda a chiwindi imakhala bwino kapena yokwera pomwe mu DIC imatsika. TTP (thrombotic thrombocytopenic purpura, matenda ena otsitsa ma platelet) imaonetsa ma cell ofiira osweka pa blood film ngati DIC koma PT yake imakhala bwino. Mufunsenso ngati wodwala akumwa warfarin, mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi omwe amatalikitsanso PT.

Ndikapeza kuti ndi DIC, choyamba nchiyani?

Chotsani chomwe chayambitsa. Ngati ndi sepsis, ma antibiotic ayambe msanga, ngati ndi nsengwa, mwana ndi nsengwayo zituluke. Nthawi yomweyo itanani adokotala akulu, tengani magazi a crossmatch, imbirani ku blood bank muone ngati kuli FFP (fresh frozen plasma, madzi a m'magazi okhala ndi zoundanitsa), ma platelet kapena magazi atsopano ochokera ku Malawi Blood Transfusion Service, chifukwa zimenezi zimatenga nthawi kuti zifike. Wodwala amene akutuluka magazi timamupatsa zimenezi, koma amene sakutuluka magazi ndipo sakupita ku theatre sitimuthira ma platelet pongofuna kukonza nambala. Muziyeza mkodzo ola lililonse, mufunditseni asazizidwe, ndipo ngati mukumutumiza ku chipatala chachikulu lembani pakalatapo nthawi yomwe munapanga test yachubu ija ndi zomwe munapeza.