Khansa ya kukhosi si ufiti, ndipo sifalira pa kapu

Ku Chikwawa ndi ku Nsanje kukumveka zoti khansa ya kukhosi imabwera munthu akalodzedwa, kapena akamwera kapu imodzi ndi wodwala. Zonsezi n'zabodza.

Khansa ina ya kukhosi imayamba ndi kachilombo ka HPV, makamaka mtundu wa 16, kofala pogonana, ngakhale kugonana kwa m'kamwa. Mwa anthu ambiri thupi limakathetsa lokha, koma kakakhalitsa kumbuyo kwa lilime, khansa imatha kuonekera patapita zaka zambiri. Fodya ndi kachasu nazonso zimayambitsa khansayi.

Chotupa cha pakhosi chosapweteka, mawu osasa kapena kuvutika kumeza zikapitirira masabata atatu, musataye nthawi ndi kutemera mphini. Pitani kuchipatala cha boma. Akaona kuti n'koyenera adzakutumizani ku Gulupu ku Blantyre kukapimitsa kachidutswa ka chotupacho. Khansayi ikapezeka msanga, nthawi zambiri imachizika.