Mpweya Woipa M'zitsime: Uthenga kwa Okumba ndi Eni Zitsime ku Mulanje ndi Thyolo

Okutobala akafika, dzuwa lili phwee, zitsime zambiri za m'midzi mwathu zimatsala thope lokhalokha. Anyamata okumba zitsime ganyu amawachulukira: uyu akufuna amuwonjezere mamita awiri, uyo akufuna amuchotsere zinyalala zimene zinagweramo nthawi ya dzinja. Ndi m'miyezi yomweyi pamene munthu amatsika ndi chingwe ali wamphamvu, akuseka, n'kudzatulutsidwa ali mtembo wopanda bala ngakhale limodzi. Pamaliro anthu amanong'onezana za ufiti, ena za mizimu ya m'phiri. Koma kawirikawiri chimene chamupha ndi mpweya, ndipo imfa yotereyi imapeweka.

Mpweya wake ndi wotani?

Dzina lake ndi kaboni dayokisaidi, womwe uja timatulutsa tikamapuma. Mu mpweya wapanja ulimo wochepa kwambiri, pafupifupi 0.04 peresenti, pomwe okosijeni amene thupi limafuna alimo 21 peresenti. Vuto ndi loti ndi wolemera kuposa mpweya wamba, pafupifupi kamodzi ndi theka, choncho umatsikira pansi n'kudikha ngati madzi m'dzenje. M'chitsime umachokera m'nthaka momwemo, ku mizu ya mitengo, ku masamba ndi zinyalala zimene zikuwola, komanso m'chifuwa mwa wokumbayo, pakuti mpweya umene munthu amatulutsa uli ndi kaboni dayokisaidi pafupifupi 4 peresenti. Ukachuluka umathamangitsa okosijeni, komanso pawokha ndi poizoni.

Suoneka ndipo sumveka fungo. Akuluakulu anati tsoka silinunkha, ndipo pano mwambiwu ukunena zenizeni. Pa 21 Ogasiti 1986 nyanja ya Nyos ku Cameroon inatulutsa mpweya umenewu usiku, unatsetserekera m'zigwa, n'kupha anthu oposa 1,700 ndi ziweto pafupifupi 3,500. Ambiri anafera pamene anagona.

Thupi limauona bwanji? Pa 2 kapena 3 peresenti munthu amayamba kupuma mwabefu, mutu kuwawa. Pa 5 peresenti kumabwera chizungulire, thukuta, mtima kugunda mothamanga ndi maganizo kusokonekera. Pakati pa 7 ndi 10 peresenti munthu amakomoka m'mphindi zochepa. Ukachuluka kwambiri palibenso zizindikiro: kupuma kangapo kokha, munthu khapa pansi. Choopsa n'chakuti befu, thukuta ndi litsipa ndi zimene wokumba aliyense amamva tsiku lililonse. Amangoti "ndatopa" kapena "n'kutentha uku," ndiye amamenyanso piki mwamphamvu kuti amalize msanga, mpweya woipawo n'kuwonjezereka.

Phunziro lochokera kwa osambira pansi pa madzi

Anthu amene amaudziwa bwino mpweyawu ndi akatswiri osambira pansi pa madzi akuya. Ambiri amanyamula silinda ya mpweya kumsana, ndipo mpweya umene apuma umatuluka ngati thovu. Koma pali makina ena otchedwa rebreather, amene sataya mpweya. Wosambira akautulutsa, umadutsa m'chitini chodzaza timibulu toyera ta soda lime, timene timayamwa kaboni dayokisaidi. Makina amawonjezeramo okosijeni, munthuyo n'kuupumanso. Amatha kukhala pansi maola angapo, alibe phokoso, nsomba sizimuthawa.

Moyo wake wonse uli m'chitini chimenecho. Timibulu tikatha mphamvu, kapena ngati sanatitsendere bwino n'kusiya kanjira koti mpweya uzilambalala, kapena kavalavu kamodzi kakasiya kutseka, munthu amapuma mpweya wake womwe mobwerezabwereza. Madzi ozizira amafooketsa timibuluto, ndipo ntchito yolemetsa imachulukitsa mpweya woipa umene thupi likupanga. Makina ambiri amayeza okosijeni mosamala, koma si onse amene amayeza kaboni dayokisaidi. Ena amamva mutu ndi befu; ena samva kanthu mpaka kukomoka. Wina akazindikira amakhala akupuma mwawefuwefu moti amalephera ngakhale kuchotsa chopumira pakamwa kuti aike cha silinda yapadera imene wanyamula. Mpweyawu umayamba wawononga nzeru zomwe zikanamupulumutsa.

Pa 8 Januwale 2005, David Shaw wa ku Australia, woyendetsa ndege komanso katswiri wa rebreather, anatsika mamita pafupifupi 270 m'dziwe la m'phanga la Boesmansgat ku South Africa. Ankakatenga mtembo wa Deon Dreyer, mnyamata amene anamira momwemo mu 1994. Pansipo ntchito inamuvuta, chingwe chinamukola, anayamba kupuma movutikira, ndipo sanabwerenso wamoyo. Madokotala amene anaunika kanema wa pa kamera imene anavala kumutu anapeza kuti chinamupha ndi kaboni dayokisaidi wochuluka m'thupi. Anali munthu wodziwa ntchito, ndipo anatsikira munthu wina.

N'chifukwa chake aphunzitsi a makinawa amalimbikira zinthu zooneka ngati zotopetsa: kuwerenga mndandanda wa zoyenera kuona tsiku lililonse ngakhale unauloweza, kulemba maola amene timibulu tagwira ntchito, kutitaya nthawi ikakwana ngakhale tikuoneka tabwinobwino. Ophunzira atsopano amatsatira zonsezi chifukwa ali ndi mantha. Amene wasambira kambirimbiri osaona vuto ndiye amayamba kunena kuti "timibulu tadzulo tikwanira, mtengo wake ndi wokwera." Akapulumuka kamodzi, mawa amabwereza.

Ndadziwa kale

Mwina mukuti za ku South Africa zikutikhudza bwanji ife a ku Chonde, Luchenza kapena Thekerani. Chitsime chakuya ndi chopapatiza chili ngati rebreather yopanda timibulu: mpweya umene mwatulutsa suchoka, mukuupumanso. Ndipo mawu amene amaphetsa anthu ndi amodzimodzi.

Mwina munaziwonapo. Mmisiri wafika m'mawa, wavundukula lata limene linali pachitsime, wavula malaya, wamanga chingwe pamtengo wopingasa. Mayi wapakhomo akuti, "Achimwene, simudikira kaye chipite mphepo?" Iye akuseka: "Amayi, ine ndakumba zitsime zaka khumi, ichinso ndinakumba ndine. Dzulo lomweli ndinali momwemu." Mnyamata woti agwire chingwe wamutuma kukagula fodya.

Zonse zimene wanena n'zoona, koma palibe chimene chikumuteteza. Chitsime chimene chinali bwino dzulo chitha kudzaza mpweya woipa usiku umodzi, makamaka chikavundikiridwa. Nyengo ikamasintha, mvula ikamakonzeka, nthaka imatulutsa mpweya wambiri kulowa m'dzenje. Zaka khumi zimaphunzitsa munthu kuwerenga dothi ndi kudziwa pamene pali madzi, koma siziphunzitsa mapapo kupirira. Paja ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Kunena zoona, ine ndimada nkhawa kwambiri ndi mmisiri wakale kuposa mnyamata wophunzira, pakuti wophunzira ukamuuza amamva.

Musanatsike

Vundukulani chitsime chikhale chotsegula nthawi yaitali, kenako chiloweretseni mpweya. Njira yabwino ndi fani yokankha mpweya kudzera m'paipi yofika pansi, iziyendabe nthawi yonse munthu ali m'kati. Ngati palibe, mangani mtolo waukulu wa nthambi zamasamba kapena ambulera yotambasula, muzitsitsa ndi kukweza kambirimbiri. Zimathandiza, ngakhale sizifika pa fani. Bwerezani m'mawa uliwonse komanso mukabwerako kokadya nsima.

Za kandulo tinene mosabisa. Mukatsitsa kandulo n'kuzima, musalowe, palibe zokambirana. Koma ikamayakabe sindiye kuti kuli bwino, chifukwa moto umatha kuyaka pamene mpweya woipa wafika kale pomukomola munthu. Chodalirika ndi kachipangizo koyezera mpweya, ndipo makontirakitala ndi mabungwe amene amalemba anthu ntchito yotereyi ayenera kukhala nako. M'dzenje la chimbudzi kapena la zonyansa musatsitsemo moto n'komwe: mumakhala mpweya woyaka, komanso wina wonunkha ngati dzira lowola umene ukachuluka umapha mphuno, munthu n'kumaganiza kuti fungo latha.

Pampu ya petulo kapena jenereta isalowe m'chitsime, ndipo ikhale patali ndi pakamwa pake, mbali imene mphepo ikupita. Utsi wake uli ndi kaboni monokisaidi, mpweya wina wakupha, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka nthawi ya chiperoni.

Wotsika amangidwe chingwe chake chapadera, chodutsa m'khwapa ndi m'ntchafu kuti akakomoka akokedwe ali choimirira, osati chimene chikukweza ndowa. Pamwamba pakhale anthu osachepera awiri amphamvu, osachokapo, akumulankhulitsa kawirikawiri. Akayamba kuyankha mochedwa, zosagwirizana, kapena mwaukali wosadziwika, kokani osafunsa maganizo ake. Inu eni chitsime, musakakamize mmisiri kumaliza lero chifukwa mwalipira kale.

Mnzanu akagwa pansi

Musalowe. Ndikudziwa kuti mawuwa ndi olemera kwa kholo limene mwana wake ali pansi, koma ngozi za m'maenje zimakonda kupha awiri kapena atatu motsatizana: woyamba, mbale wake, ndiye woyandikana nawo. Kugwira mpweya m'chifuwa sikukwanira kutsika, kumanga munthu ndi kukwera. Nsalu yonyowa kumphuno imatchinga fumbi basi, mpweya imaulola.

Kuwani, anthu abwere. Kokani chingwe chake. Ena aziloweretsa mpweya mwamphamvu, wina asake galimoto ndi kudziwitsa apolisi. Ngati analibe chingwe, wolowa akhale amene ali ndi zida zopumira, kapena alowe mpweya utasinthidwa mokwanira, atamangidwa chingwe, okoka ali chire.

Akatuluka muikeni pamphepo, mumasuleni zothina. Ngati akupuma, mugonekeni cham'mbali kuti asatsamwe ndi masanzi. Ngati sakupuma, mugonekeni chagada pamalo olimba, kanikizani pakati pa chifuwa mwamphamvu ka 30, pa liwiro la 100 mpaka 120 pa mphindi, mumuuzire mpweya m'kamwa kawiri, n'kubwerezabwereza mpaka apume kapena thandizo lifike. Munthu wokomoka musamumwetse madzi, mkaka kapena mankhwala azitsamba.

Ngakhale atsitsimuke n'kunena kuti ali bwino, apite kuchipatala tsiku lomwelo: cha boma cha Mulanje kapena Thyolo, Mulanje Mission, Malamulo ku Makwasa, kapena chaching'ono chimene chili pafupi. Auzeni achipatala kuti anali m'chitsime, anakomoka nthawi yaitali bwanji, ndiponso ngati panali injini yoyaka. Chitsimecho chitchingidwe kuti ana asayandikire, ndipo piki ndi fosholo zimene zatsala pansi zisiyeni, muzikoke ndi mbedza.