Khansa ya prostate: mayi nawonso amve zimene adokotala akunena

Prostate ndi kachiwalo kamene kali pansi pa chikhodzodzo, kozungulira njira ya mkodzo, ndipo kamapanga gawo la madzi a umuna. Mitsempha yodzutsa chida cha abambo imadutsa m'mbali mwake. N'chifukwa chake chithandizo cha khansayi chimakhudza mkodzo ndi za kuchipinda.

Khansa ikafalikira, madokotala amachepetsa testosterone, mahomoni achimuna amene amaikulitsa. Amatero ndi jakisoni monga goserelin, wobaya pamimba pa masabata 4 kapena 12 alionse, kapena ndi opaleshoni ya machende. Ululu umatsika, koma chilakolako chimazirala, chida sichidzuka, thupi limatentha mwadzidzidzi mpaka kunyowetsa zofunda ndi thukuta, ndipo ena mawere amafufuma.

Mabanja ambiri amasokonekera pamenepa. Bambo, poopa kunenedwa kuti anagwa m'papaya, amangotembenukira kukhoma usiku osanena kanthu. Mayi amayamba kuganiza kuti kuli wina kumbali, achibale ati munthu wamangidwa, nkhani n'kukafika kwa ankhoswe, chonsecho ndi mankhwala. Popita ku Kamuzu Central tengananitu, mayi amve okha ndipo afunse mosachita manyazi. Adziwenso kuti khansayi sipatsirana pogonana, choncho palibe chifukwa chosiyana mphasa. Gondolosi sangabweze testosterone amene jakisoni wachotsa dala, ndipo mankhwala odzutsa chida ngati sildenafil ndi oopsa kwa munthu amene akumwa mankhwala a mtima a gulu la nitrate. Musagule musanafunse adokotala.

Amene achotsedwa prostate amakhala ndi kapaipi ka mkodzo kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Kakachotsedwa, mkodzo umadontha potsokomola, poseka kapena ponyamula thumba la chimanga. Pofuna kuchepetsa kudonthaku, finyani minofu ya pansi ngati mukutsekereza mpweya woipa, gwirani masekondi 5, masulani, kakhumi, katatu pa tsiku, osaumitsa mimba kapena matako. Ambiri amaona kusintha pakapita miyezi. Umuna sutulukanso ndipo kubereka kumatha, koma kukoma kumatha kumvekabe.

Msana ukayamba kupweteka kwambiri, miyendo n'kufooka kapena kuchita dzanzi, mkodzo n'kukana kutuluka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Mwina khansa yafika m'mafupa a msana ndipo ikufinya mitsempha. Kuchedwa masiku ochepa kungamusiye munthu wosayenda.