Nambala yosagawika yomwe palibe angailembe pamanja

Wogulitsa chambo pamsika wa Nkhotakota akakhala ndi nsomba 12, akhoza kuziika m'milu yofanana ya ziwiriziwiri, zitatuzitatu kapena zinayizinayi, koma zikakhala 13 palibe mulu womwe ungakwanire popanda yotsala. Nambala ngati 13, zogawika ndi 1 komanso mwini wake basi, ndi zomwe m'kalasi timazitcha ma prime number, kapena kuti nambala zosagawika. Euclid anaonetsa zaka zoposa 2,000 zapitazo kuti nambala zoterezi zilibe malire.

Mu Okutobala 2024, Luke Durant, kudzera m'gulu la GIMPS lomwe limagwirizanitsa makompyuta pa intaneti, anapeza nambala yosagawika ya madijiti 41,024,320. Imapezeka pochulukitsa ma 2 okwana 136,279,841, kenako n'kuchotsapo 1. Munthu wolemba dijiti imodzi pa sekondi, osagona, osadya, angathe masiku oposa 470 asanaimalize.

Chomwe chimandisangalatsa ine monga mphunzitsi wa masamu n'chakuti tingadziwe khalidwe la nambalayi osaiona. Ma 2 akamachulukitsidwa, dijiti yomaliza imazungulira pa 2, 4, 8, 6, n'kubwereranso pa 2. Popeza 136,279,841 ikagawidwa ndi 4 imatsala 1, zotsatira zake zimathera pa 2, ndipo tikachotsa 1, nambala yonse ija imathera pa 1. Wophunzira wa Fomu 2 angatsimikize zimenezi pa kachikalata kakang'ono.

Nambala zopezeka pochulukitsa ma 2 n'kuchotsapo 1 zimadziwika ndi dzina la Marin Mersenne, wansembe wa ku France wa m'zaka za m'ma 1600. Kuti zikhale zosagawika, chiwerengero cha ma 2 nachonso chiyenera kukhala chosagawika, ngakhale zimenezi pazokha sizokwanira: ma 2 okwana 11 akachulukitsidwa, n'kuchotsapo 1, amapereka 2,047, yomwe ndi 23 kuchulukitsa ndi 89.

Nanga munthu angatsimikize bwanji kuti nambala yaikulu chonchi siigawika? Kuyesa kuigawa ndi nambala iliyonse sikungatheke, ngakhale makompyuta onse apadziko atathandizana. Pali njira yachidule yotchedwa Lucas-Lehmer. Mumayamba ndi 4, kuichulukitsa ndi mwini wake, kuchotsa 2, kugawa ndi nambala yomwe mukuiyesa, n'kusunga yotsala yokha kuti muyambirenso. Tiyese 31, yomwe ndi ma 2 asanu kuchotsa 1: kuchokera pa 4 tipeza 14, kenako 194 yomwe imatsala 8, kenako 62 yomwe imagawika ndi 31 popanda chotsala. Maulendowo amakhala ochepera ndi awiri pa chiwerengero cha ma 2, ndipo yotsala yomaliza ikakhala 0, nambalayo ndi yosagawika. Pa nambala ya Durant, maulendo otere ndi 136,279,839, ulendo uliwonse n'kuchulukitsa nambala ya madijiti mamiliyoni ambiri.