Mukufuna kupanga magemu? Mafunso ndi mayankho pa chinenero choyambira

Sindinalembepo code chibadwire. Ndiyambe ndi chinenero chiti?

Ine ndingakuuzeni kuti muyambe ndi GDScript, chinenero cholembera code (malamulo ouza kompyuta zochita) mu Godot. Godot ndi injini ya magemu, kutanthauza pulogalamu imene imakugwirirani ntchito zolemetsa monga kuonetsa zithunzi, kutulutsa mawu ndi kuzindikira kuti zinthu ziwiri zagundana. Ndi yaulere, code yake ili poyera kuyambira 2014, ndipo siifuna kompyuta yamphamvu kwambiri. Ubwino wake waukulu ndi wakuti mukalemba mizere yochepa chabe, kanthu kamayamba kuyenda mukuona. Munthu woyamba kumene amalimba mtima akaona zimenezi, ndipo ena amene amasiyira panjira amasiya chifukwa chophunzira milungu yambiri osaona chilichonse chikusuntha.

Nanga Python imene anthu amaitchula kawirikawiri?

Nayonso ndi yabwino. Guido van Rossum anaitulutsa mu 1991, ndipo ndi Pygame, zida zopangira magemu mu Python, mukhoza kupanga magemu ang'onoang'ono a 2D, a zithunzi zafulati. Kalembedwe kake kakufanana kwambiri ndi ka GDScript, moti mukadziwa chimodzi, chinacho sichikuvutani. Isankheni ngati mukufuna kuti luso lanu lidzagwirenso ntchito kunja kwa magemu.

Ndinamva kuti magemu akuluakulu amapangidwa ndi C++. Bwanji osangoyambira pomwepo?

Munamva zoona. Unreal Engine ya kampani ya Epic Games imagwiritsa ntchito C++, ndipo makampani ambiri akuluakulu amadalira chinenero chimenechi chifukwa cha liwiro lake. Koma liwirolo limabwera ndi katundu. Mu C++ mumayenera kusamala nokha za mmene pulogalamu ikugwiritsira ntchito memory, malo amene kompyuta imasungamo zinthu pogwira ntchito, ndipo kalakwika kakang'ono kakhoza kugwetsa gemu yonse popanda kukuuzani bwinobwino pamene palakwika. Zimandipweteka kuona munthu wachidwi akuganiza kuti alibe mutu, pamene vuto ndi lakuti wasenza mtolo wosayenera msinkhu wake. C++ mudzaipeza patsogolo, sikuthawa.

Kodi C# ndi Unity zili pati pamenepa?

Zili pakati. C# ndi yolimbirapo kuposa GDScript koma yofewa kuposa C++, ndipo maphunziro a Unity, injini ya magemu imene imagwiritsa ntchito C#, ndi ochuluka pa intaneti. Gemu ya Hollow Knight inapangidwa pogwiritsa ntchito Unity. Stardew Valley, imene inatuluka mu 2016, analemba ndi munthu mmodzi, Eric Barone, mu C#, kwa zaka zoposa zinayi. Ngati cholinga chanu ndi kudzalembedwa ntchito, njira imeneyi ndi yanzeru.

Mwana wanga ndiye akufuna kuphunzira.

Muyambitseni ndi Scratch, imene inatuluka ku yunivesite ya MIT ku America mu 2007. Salemba mawu, amangolumikiza timabokosi ta malamulo. Ngati amakonda Roblox, kumeneko amalemba mu Luau, chinenero chochokera ku Lua ya ku Brazil.

Ndikasankha molakwika, nthawi yanga yatayika?

Ayi. Zinenero zonsezi zili ndi maziko amodzi: kusunga nambala kapena mawu mu variable, kusankha chochita ndi if, kubwereza ndi loop, ndi kugawa ntchito m'ma function. Gemu nayo imazungulira pa zinthu zitatu zomwezo: imamva mabatani amene mwadina, imasintha malo a zinthu, kenako imajambula chithunzi chatsopano, nthawi zambiri ka 60 pa sekondi imodzi. Mukamvetsa zimenezi, posamuka mumangophunzira kalembedwe katsopano.

Gemu yoyamba ikhale yotani?

Yaing'ono kuposa imene ili m'mutu mwanu. Pangani yofanana ndi Pong ya mu 1972: timitengo tiwiri ndi kampira kamodzi. Ikuoneka yachibwana, koma muli kuyenda, kugundana, kuwerenga zigoli ndi kuyambiranso wina akapambana. Imalizeni mpaka mapeto, muipereke kwa mnzanu aisewere inu mutakhala chete, ndipo mulembe malo onse amene wasokonezeka.